Kalabu ya a Lamba m'Chipinda cha Alamu Awo

Munthu amene ndikufuna ndikuuzeni za moyo wake timamutchula kuti a Lamba. Dzinali linabwera chifukwa cha lamba wakuda wa karate amene akazi awo anayanika pachingwe tsiku limene anasamukira mumsewu wathu. Ine ndine telala. Kachipinda kanga kali pansi penipeni pa chipinda chimene iwo amaphunzitsiramo, choncho zambiri ndinaziona ndi maso angawa. Zina anandiuza okha atakhala pabenchi langa, akudikira kuti ndiwasokere zong'ambika.

Mutakumana nawo panjira simungaganize kuti ndi munthu wodziwa kumenya. Ndi wamfupi, wa mapewa otakasuka pang'ono, ndipo amayenda ngati akuopa kudzutsa mwana. Akamalankhula ndimayamba ndaimitsa mashini kuti ndimve.

Karate anaiphunzira ali mnyamata, akugwira ntchito pafakitale yopanga mabotolo. Kumeneko kunali mkulu wina wosunga makiyi amene ankaphunzitsa antchito akaweruka, kuseri kwa malo oimika malole. Anzawo ankayamba n'kusiya, koma a Lamba anakhala ndi mkuluyo zaka khumi ndi chimodzi mpaka anapambana mayeso a lamba wakuda. Kenako fakitale inatsekedwa. Mkulu uja anabwerera kwawo, ndipo a Lamba anatsala ndi mkazi, ana amapasa ndi manja opanda chogwira.

Amene anawatola ndi mchimwene wa akazi awo, amene tonse timamutchula kuti a Malata. Iwowa ndiwo eni nyumba yosanja imene ndimasokeramoyi. Ali ndi shopu yaikulu ya malata, simenti ndi misomali, ndipo nthawi imeneyo analinso ndi mdadada wa tinyumba ta lendi kuseri kwa shopuyo. A Malata ndi munthu wa nsangala, woseka mokweza, ndipo ndisaname, ndi wopatsa. Anapatsa mlongo wawo nyumba ya zipinda ziwiri m'kati mwa mpanda wa shopu. Anapatsa alamu awo ntchito yokweza ndi kutsitsa matumba a simenti. Mapasa anawapezera malo pasukulu yabwino. Zonsezi anachita sabata imodzi yokha, ndipo tonse tinati mlongoyu anabadwa ndi mwayi.

Kalabu inayamba popanda woiganizira. M'mawa uliwonse shopu isanatsegulidwe, a Lamba ankapita pakati pa milu ya simenti n'kumachita masewera awo okha, opanda nsapato. Anyamata onyamula katundu ankawasuzumira n'kumaseka. Tsiku lina mmodzi wa iwo, chimnyamata chachitali chimene tinkachitchula kuti Chitseko chifukwa chikaima pakhomo kuwala kunkatha, chinati, "Akulu, zimene mumavinazo zingagwetse munthu ngati ine?"

A Lamba anati, "Bwera undigwire."

Chitseko anawagwira pamalaya. Zimene zinachitika palibe anaziona bwino, koma anangopezeka wagwada, nkhope ili pathumba la simenti, akufuula kuti, "Basi, basi, ndamva!" Mawa lake anabwera ndi anzake awiri, onse atavula nsapato.

Anaphunzira pabwalo pomwepo mpaka mvula itayamba. A Malata atawaona akuterereka m'matope anaseka mpaka kugwira m'mimba, kenako anatulutsa kiyi m'thumba.

"Alamu, chipinda chapamwambacho chikungosunga makoswe. Chitengeni. Chaulere, musandipatse kanthu. Ndife amodzi."

Ndimakumbukira mmene a Lamba analandirira kiyiyo, ndi manja awiri, ngati akulandira khanda. Sabata ziwiri anakhala akutsitsa zitseko zothyoka ndi zitini za penti zouma. Pansi anapakwecha okha atagwada. Anapeza matiresi opyapyala asanu ndi limodzi, galasi lalitali lochokera pa wadiropu yakale, ndi thumba la chinsalu limene anadzazamo utuchi n'kulipachika pamtanda wa denga. Mayunifomu ndinasoka ndine. Nsalu yake yoyera ija ndi yokhuthala ngati chikopa, ndipo ndinathyola singano zisanu ndi ziwiri ndisanaidziwe bwino. Pakhoma analembapo malamulo atatu ndi penti yofiira: vula nsapato pakhomo, usabwere utamwa, usagwire munthu kunja kwa chipinda chino. Kenako anakalembetsa kalabuyo ku bungwe loyang'anira masewerawa, ndipo papepala panalembedwa dzina lawo monga mwini ndi mphunzitsi.

Zaka ziwiri zoyamba zinali zokoma. Loweruka m'mawa kunkabwera ana, masitepe onse n'kudzaza timasilipasi. Lachiwiri kunkabwera amayi: nesi wina wa pachipatala chapafupi, aphunzitsi awiri, ndi atsikana ogulitsa m'mashopu. Amuna akuluakulu ankabwera Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu akaweruka, ndipo ambiri mwa iwo anali antchito a a Malata. Akayamba kudumpha, fumbi linkagwa kuchokera kusiling'i kwanga, moti ndinazolowera kuphimba nsalu za makasitomala ndi pepala. Ndinkawadandaulira kuti, "A Lamba, diresi la mkwatibwi lidzatuluka muno lili lotuwa." Iwo ankapepesa kwambiri mpaka ine ndemwe n'kuchita manyazi.

Ophunzira ankawatchula kuti Sensei, kutanthauza mphunzitsi. Munthu yemwe masana ankatumidwa ndi aliyense kuti nyamula ichi, tsitsa icho, madzulo akaima kutsogolo anthu makumi atatu ankawerama pamaso pake. Mwa onsewo amene a Lamba ankamukonda kwambiri anali Chitseko. Ankatsala naye ena akapita, kumuonetsa mmene amagwirira dzanja la munthu n'kulipinda kuti munthuyo asiye chimene wagwira. Atapita ku mpikisano koyamba, Chitseko anabwera ndi mendulo, ndipo a Lamba anazungulira nayo mashopu onse a mumsewu wathu ngati kuti mwana wawo wakhoza mayeso.

Pempho loyamba la a Malata linali laling'ono. Ankatsegula shopu yachiwiri, ndipo anati anyamata abwere atavala zoyera zawo adzaonetse masewera. Anathyola matabwa, anthu anaomba m'manja. Atatha, a Malata anati, "Poti ali pompano, angoima pakhomo kuti anthu asapanikizane." Anaima. Palibe anaonapo cholakwika, ngakhale ineyo.

Pempho lachiwiri linabwera patapita miyezi itatu. Pakhonde la nyumba yathu yosanjayi pankakhala amayi ogulitsa tomato, nthochi ndi anyezi. A Malata anati akutsekereza makasitomala, ndipo anawauza kawiri kuti achoke koma sanachoke. Tsiku lina anaimitsa a Lamba pafupi ndi khomo langa, dzanja lili paphewa pawo.

"Alamu, mawa m'mawa mundibwereke anyamata anu asanu. Avale zoyera zija. Asagwire munthu ayi, angoima pakhondepa manja atapinda. Amayiwa akawaona achoka okha."

"Alamu, kalabu si ya zimenezo," anatero a Lamba, mawu ali pansi.

"Ndani wanena za kumenya? Kuima basi. Kodi kuima n'kulakwa? Chipinda chija ndinakufunsanipo kanthu?"

A Lamba anati aganiza kaye. Madzulo ake anauza akazi awo, ndipo zimene anayankhidwa anadzandiuza okha.

"Mukakana, tikagona kuti, bambo a mapasa? Nyumba ino ndi ya achimwene. Ntchito yanu ndi ya achimwene. Ana akuphunzira chifukwa cha achimwene. Akupemphani kanthu kamodzi kokha, inu mukuti muganize?"

Mayi a mapasa si munthu woipa. Anaonapo ana awo akugona ndi njala fakitale itatsekedwa, ndipo analumbira kuti sizidzachitikanso. Ndikanakhala ine mwina ndikanalankhula chimodzimodzi.

M'mawa mwake a Lamba anabwera ndi anyamata asanu. Anadziuza kuti akakhalapo iwo palibe amene akhudzidwe, ndipo zinaterodi. Anangoima. Amayi aja anayang'ana, anayang'anizana, kenako anayamba kulongedza mabeseni awo mwakachetechete. Mmodzi wa iwo, mayi wa tomato, anali ndi mwana wamkazi amene ankabwera Loweruka lililonse. Atasenza beseni lake anaima pamaso pa a Lamba n'kunena kuti, "Zikomo, aphunzitsi." Mwana uja sanabwerenso, ndipo kayunifomu kake kamene ndinkafutukula miyendo kadakali m'kabati mwanga.

Kuyambira pamenepo a Lamba anayamba kufunafuna malo ena mwakabisira. Anapita kusukulu ya pulaimale kukapempha holo. Ahedi anawalandira bwino, koma atamva kuti akufuna kuchoka kwa a Malata anayamba kukanda m'mutu, chifukwa denga la holoyo anakhoma ndi malata amene a Malata anapereka. Anapita kutchalitchi china, akuluakulu a mpingo anati sangalole zomenyana m'nyumba yopemphereramo. Anapeza galaja yopanda ntchito, koma mwini wake anati ayambe wafunsa a Malata ngati sangakhumudwe. Mumsewu wathu muno, ukaponya mwala umagwera pa chinthu cha a Malata kapena pa munthu amene anathandizidwapo nawo.

"Ngakhale nditapeza malo," anandiuza tsiku lina, "anyamatawa amaweruka nthawi imene alamu anena. Akafuna, akhoza kumawawerutsa mochedwa mpaka kalabu itafa yokha."

"Walira mvula walira matope, a Lamba," ndinatero, ndikuyesa nthabwala.

Sanaseke. Anangoti, "Ine sindinalire mvula, mayi. Ndinkangosewera ndekha pasimenti."

Chaka chotsatira a Malata anaganiza zogwetsa tinyumba ta lendi tija kuti amange mashopu. Anthu anapatsidwa mwezi umodzi. Ambiri anasamuka, koma panatsala mkulu wina wosoka nsapato, amene tinkamutchula kuti a Sapato. Anakhala m'kanyumba kakumapeto zaka makumi awiri, akazi awo anamwalirira momwemo, ndipo makasitomala awo onse ankadziwa khomo limenelo. Anati sakukana kuchoka, koma awapatse nthawi mpaka apeze pena.

Ulendo uno a Malata sanapemphe n'komwe. M'mawa wa tsiku lina anatuma a Lamba kuti apite ndi lole kukatenga simenti kufakitale yakutali, ulendo wa tsiku lonse. Lole itangotuluka pageti, ndinaona Chitseko ndi anzake asanu akutsika masitepe atavala zoyera, malamba ali m'chiuno. Ndinasiya mashini n'kuwatsatira.

Anayamba kutulutsa katundu: bedi, mpando, bokosi la zipangizo, thumba la nsapato za anthu. A Sapato sanalimbane nawo. Anangoima pakhomo n'kugwira felemu ya chitseko ndi manja awiri.

"Agogo, siyani chitseko," anatero Chitseko. "Sitikufuna zambiri."

"Mwanawe, ndakusokerapo nsapato kangati iwe?"

"Ndikudziwa, agogo. Siyani basi."

Sanasiye. Chitseko anawagwira dzanja lamanja n'kulipinda, mofulumira, mwaukhondo, monga mmene ndinkawaonera akuchitira pamwamba paja. Koma mafupa a munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri si a mnyamata wonyamula simenti. Tonse tinamva kuti thyo. A Sapato anakhala pansi osalira n'komwe, akungoyang'ana dzanja lawo. Chitseko anabwerera m'mbuyo, pakamwa pali yasa. Nesi uja wa Lachiwiri ndiye anabwera kudzawatenga, nditamuimbira foni.

Lole inabwera dzuwa litapendeka. A Lamba anatsika ali mbuu ndi fumbi la simenti, ndipo ndinawaitana asanafike kunyumba kwawo. Ndinawauza zonse. Anatembenuka n'kuyamba ulendo wa kuchipatala wapansi, osasamba, osasintha malaya.

Anawapeza a Sapato atakhala pabedi, dzanja lili m'chikhakha. A Lamba anagwada pambali pa bedi n'kupepesa. Mkulu uja anawayang'ana n'kunena kuti, "Mwanayo munamuphunzitsa bwino, aphunzitsi. Sindinadziwe n'komwe kuti wandigwira nthawi yanji." Sankanyoza ayi, ankangonena zimene anaona. A Lamba anandiuza kuti akanakonda mkuluyo akanawatukwana.

Lachitatu anyamata anabwera monga mwa masiku onse. Ine ndinakwera mpaka pakati pa masitepe, ndisabise, kuti ndimve. A Lamba anawaimika pamzere n'kuloza khoma.

"Chitseko, werenga lamulo lachitatu."

"Usagwire munthu kunja kwa chipinda chino."

"Vula lambayo, uike pansi, utuluke. Ndi inu asanu."

Kenako ndinamva mawu a Chitseko.

"Sensei, ndalakwa, ndikudziwa. Sindinagone n'komwe. Koma bwana atandituma, ndikanati chiyani? Ndili ndi mkazi, ndili ndi mwana. Inuyo tsiku la amayi a tomato lija munakana? Si inu munatitsogolera? Ngati inu a lamba wakuda, alamu awo enieni, munalephera kukana, ine wonyamula matumba ndikanatha bwanji?"

Ndinamva mapazi akubwera, ndipo ndinatsika msanga. Anyamata asanu ndi mmodzi aja anandidutsa pakhomo, mitu ili pansi.

Mawa lake a Lamba analowa mu ofesi ya alamu awo. Ofesiyo ndi kachipinda ka magalasi m'kati mwa shopu, ndipo ogulitsa onse anamva. A Malata anawapatsa mpando, anaitanitsa tiyi.

"Alamu, zachitikazi zandipweteka inenso," anatero a Malata. "Mkulu uja ndikumuthandiza kuchipatala, ndipo ndamupezera kachipinda kwa mnzanga. Nanga ndichitenso chiyani?"

"Munandichotsa dala kuti mugwiritse ntchito ana anga."

"Ndinakuchotsani kuti musavutike mumtima. Ndimakudziwani, ndinu munthu wofewa. Koma tamverani. Mwana wa mkulu uja amafuna kupita kupolisi. Ndamukhazika pansi, nkhani yatha. Mukudziwa chifukwa chake? Anyamatawo anavala yunifomu ya kalabu. Kalabuyo papepala ndi ya ndani? Yanga? Akanabwera apolisi akanatenga inu, ndipo bungwe lanu lija likanakulandani chilolezo. Ndakutetezani, alamu. Mlongo wanga sindingamusiye akulira."

A Lamba anaimirira tiyi asanamwe. "Ndikutseka kalabu," anatero.

Anachotsadi chikwangwani cha kalabu pakhomo la masitepe n'kukhoma chitseko. Loweruka ana anabwera, anapeza pali loko, anakhala pamasitepe mpaka dzuwa litakwera. Ena anandifunsa ngati Sensei akudwala. Lachiwiri nesi uja anawatsekereza pageti n'kuwauza mosapsatira kuti amayi asanu ndi atatu sanalakwe kanthu, ndipo mmodzi wa iwo anasiya kumenyedwa kunyumba chiyambireni kubwera kuno. A Lamba anangoti pepani.

Sabata yachiwiri ili pakati, a Malata anabwera okha kunyumba kwa mlongo wawo, atanyamula mabisiketi a mapasa. Anacheza, anaseka, ndipo potuluka anati, "Alamu, za chipinda chija musadandaule. Ngati mwatopa, pumulani. Ndauza Chitseko kuti azitsegula iyeyo. Anyamata aziphunzira madzulo, ndikufuna ndiyambe kagulu kanga ka alonda. Ana a Loweruka ndi amayi aja nawonso akhoza kumabwera kwa iye. Kiyi ina ndili nayo."

Lachisanu a Lamba anabwera kwa ine kudzabwereka hamala, ndipo anakhomanso chikwangwani chija pamalo pake.

"Ndikasiya, anawa aphunzitsidwa ndi munthu wothyola nkhalamba," anatero, msomali uli pakamwa. "Ndikapitiriza, ndikusesera alonda a alamu chipinda. Sankhanipo, mayi."

Sindinasankhe. Ndinangowagwirira chikwangwani kuti chisapendeke.

Kuchokera nthawi imeneyo chipindacho chili ndi eni awiri. Lachiwiri ndi Loweruka ndi a Lamba, ana ndi amayi okhaokha. Mwamuna wamkulu akabwera kudzalembetsa amamubweza, ngakhale akhale waulemu chotani. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu ndi Chitseko ndi alonda ake, amene tsopano akwana khumi ndi awiri. Amagwiritsa matiresi omwewo, galasi lomwelo. Loweruka m'mawa a Lamba amafika ola lathunthu ana asanabwere kuti akolope, chifukwa alondawo ena amalowa ndi majombo. Zopinda manja zija anasiya kuphunzitsa. Nesi anawapempha kangapo, iwo amangoti adzaona.

Masana iwo ndi Chitseko amakumana pabwalo la shopu. Chitseko sanyamulanso matumba, amavala malaya abuluu ndi chipewa, ndipo ndi iye amatsegulira lole geti. Akawaona amachotsa chipewa n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, Sensei?" A Lamba amayankha moni, chifukwa si munthu wokana moni, koma samuyang'ana kumaso.

Chinthu chimodzi chokha chinatsala m'manja mwawo. Kuti Chitseko aloledwe ndi bungwe kukhala mphunzitsi, ayenera kukayesedwa mayeso apamwamba, ndipo fomu yake imafuna saini ya amene anamuphunzitsa. A Malata anabweretsa fomuyo miyezi isanu ndi itatu yapitayo. A Lamba anailandira mwaulemu n'kuiika pansi pa matiresi a bedi lawo. Akafunsidwa amati mnyamatayo sanakonzeke. A Malata sakalipa. Amangofunsa mwezi uliwonse akuseka, kenako sabata imeneyo a Lamba amapezeka kuti aikidwa pa lole yopita kutali Loweruka, ana n'kubwerera pakhomo. Mayi a mapasa anakhalapo masiku khumi osawalankhula chifukwa cha pepala limenelo.

Inenso ndisadziyeretse. Malaya abuluu a alonda aja ndinasoka ndine, onse khumi ndi awiri. A Malata atabwera ndi nsalu sindinathe kukana, chifukwa kachipinda kano ndi kawo, ndipo mashini anga ndilibe kwina kowaika. Ndinauza a Lamba ndili ndi manyazi. Iwo anati, "Sokani, mayi. Mukakana inu asoka wina, inu n'kukhala panja."

A Sapato dzanja linapola koma linauma, silingathenso kukoka ulusi. Amakhala ndi mwana wawo kutsidya kwa njanji. Lamulungu lililonse masana a Lamba amapita kumeneko. Mkuluyo amawauza pobaya ndi pokoka, iwo n'kumasoka nsapato za makasitomala akale amene amabwerabe. Akuti tsopano amatha kumata soli bwinobwino.

Mwezi wathawu kunabwera mwayi. Mnzawo wina wa kufakitale ya mabotolo ija anawaimbira foni kuti sukulu ina yogonera komweko, mumzinda wina, ikufuna munthu wophunzitsa ana masewera, ndipo pali kanyumba ka chipinda chimodzi. A Lamba anabwera kwa ine nkhope ikuwala, koyamba m'zaka ziwiri. Anandifunsa ngati jekete lawo lakale lingakonzeke kuti akaonekere nalo. Ndinalikonza tsiku lomwelo.

Madzulo anauza akazi awo. Mayi a mapasa anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anawauza nkhani imene ankadikira tsiku labwino kuti anene: ali ndi pakati pa miyezi itatu. Anati sakuwaletsa kupita, koma iwo sangachoke ndi mimba, kusiya nyumba ya zipinda ziwiri, kuchotsa mapasa pasukulu pakati pa chaka, kukakhala anthu asanu m'chipinda chimodzi kumene sadziwa munthu. Anati ngati akufuna apite okha, azibwera patchuthi. A Lamba anaganiza za mkazi woyembekezera ndi ana awiri akutsala m'mpanda wa a Malata, ndi ana a Loweruka akukwera masitepe kukapeza Chitseko. Anaimbira mnzawo uja kumuuza kuti apatse wina.

Dzulo anabwera ndi thalauza lawo loyera la karate, ati likuvuka akamakankha mwendo. Ndinatenga tepi n'kuwayeza m'chiuno. Ndinayang'ana m'kabuku kanga ka miyeso, tsamba la chaka chimene tinayamba, ndipo ndinayezanso kachiwiri poganiza kuti ndalakwitsa.

"Mwatsika mainchesi atatu, a Lamba. Kodi mukudya?"

"Ndikudya, mayi. Simenti ndi imene ikulemera masiku ano."

"Ndichepetse mainchesi onse atatu, kapena ndisiye malo mwina mubwerera?"

Anaganiza pang'ono, akusisita nsaluyo ndi chala.

"Siyaniko inchi imodzi," anatero. "Koma likhale litatha pofika Loweruka. Pali kamtsikana kena kayamba kumene, kamaopa kugwa. Ndikufuna ndikagwe kaye ineyo kangapo kuti kaone kuti sizipweteka."